Bango Limene Linaperewera ku Mposa

Amayi, kodi mukupeza bwanji uko muliko?

Ndine Asiyatu, mwana wanu wa ku Balaka. Ndati "uko muliko" chifukwa, kunena mosabisa, sindikudziwa kumene mwagona. Kwathu ku Mposa aliyense akuti muli m'manda aja a kuseri kwa mzikiti. Ine mtima ukukana. Ndikuganiza kuti amene anaikidwa kumeneko ndi munthu wina, ndipo inu muli konkuno ku Balaka, pakati pa Akhristu amene simunawadziwepo. Nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi lero. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, poti inu munkadana ndi munthu wofikira pa nkhani asanapereke moni.

Tonse tilipo. Amidu wayamba sukulu, ndipo akuti aphunzitsi ake sadziwa kanthu chifukwa amangofunsa ana mafunso. Alamu anga, akazi a achimwene a Twaibu, anachira mpunga ukucha, mwana wamkazi, ndipo anamutcha Alima, dzina lanu. Watengera mphuno yanu ndi kusagonja kwanu, akayamba kulira salekeza mpaka chimene akufuna chichitike. Mpunga wa kudambo kwanu unabereka bwino, kungoti mbali ya kumunsi inadyedwa ndi mbalame, popeza panalibe wozikalipira ngati mmene munkachitira inu. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri. Mmodzi anasowa, ndipo achimwene akuti anagwidwa ndi fisi. Ine fisi wosasiya ngakhale chiboda kapena dontho la magazi sindinamuonepo, koma ndinangoti zikomo.

Kalata iyi sindikaponya ku positi, ngakhale kukanakhala kuti uko makalata amafika. Masiku ano kalata yongopita ku Zomba imafika itamatidwa kawiri. Ndikulemba masana, bambo a Amidu ali ku ntchito kwawo ku njanji. Iwonso sindinawauze zonse. Ndi munthu wabwino, koma akamwa tiyi ndi anzawo pa siteshoni pakamwa pamamasuka, ndipo anzawowo sindikudziwa kuti akaweruka amapita kuti.

Mmene tinapezekera ku msasa wa odwala kuja mukudziwa nokha, koma ndibwereze, poti nthawi zina munkakomoka. Linali dzinja lapitali, chimanga chitangoyamba kumasula, pamene kolera inatuluka m'madooko a ku nyanja ya Chilwa n'kulowa m'midzi. Achimwene atanditumizira uthenga ndinasiya Amidu kwa achemwali a bambo ake n'kukwera basi. Ndinakupezani maso atalowa, mawu atasasa, khungu la m'manja likatsinidwa osabwerera. Ndinakusamalani mmene ndikanathera, kenaka nanenso zinanditsegula. Tisanaganize n'komwe za chipatala, lole ya boma inaima pakhomo. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anakatinenera ndani. Mwina munthuyo anandipulumutsa, sindikukana, koma ndikanakonda kumudziwa nkhope. Masiku amenewo anyamata a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo kuchenjeza kuti wobisa wodwala aona polekera, komanso kuti wotchula dzina la matendawo pagulu akuipitsa mbiri ya dziko. Ndiye anthu tinkangoti kwagwa "za m'mimbazi".

Anakatitsitsa kuseri kwa kachipatala kena m'njira ya ku Liwonde. Kunali zisakasa ziwiri za udzu, cha amuna ndi cha akazi, zozunguliridwa ndi chingwe. Pachipata panali beseni la madzi a mankhwala loti aliyense apondemo, ndipo fungo lake mpaka pano silinachoke m'mphuno mwanga. Zovala zathu anaziotcha ife tikuona, pamodzi ndi mpango wanu wobiriwira uja munkavala Lachisanu. Munagwira kumutu ndi manja onse awiri, munthu amene ngakhale ine mwana wanu tsitsi lanu ndinkaliona mwa apo ndi apo. Mabedi anali a ziguduli, obooka pakati, pansi pake ndowa. Manyazi onse amene munandiphunzitsa chiyambire ndili mtsikana anathera pa bowo limenelo.

Chimene chinkawawa kwambiri chinali chingwe chija. Abale ankaima kutsidya kwake n'kumakuwa mayina, ife m'kati mphamvu yoyankha tilibe. Chakudya ankachisiya pansi, mbale osabwerera. Tsiku lina ndinaona chisoti choyera cha achimwene pakati pa anthu, ndinayesa kukweza dzanja, koma sindikudziwa ngati anandiona. Pafupi ndi chipata pankakhala bambo wina pampando, wa nsapato zoyera. Sanali dokotala, sanali mlonda, ndipo sindinamuonepo atanyamula ngakhale ndowa. Ankangomvetsera. Inu munkakonda kundiuza kuti, "Asiyatu, munthu uzimuyang'ana kumapazi, pakamwa aliyense amatha kukonza." Ndinamuyang'ana kumapazi bamboyo, ndipo ndinaona kuti nsapato zoyera m'matope a dzinja sizikhala za munthu wobwera wapansi. N'chifukwa chake aliyense akafunsidwa ndi m'bale wake kutsidya kwa chingwe ankayankha kuti akupezako bwino, ngakhale amene madzulo ake ankatulutsidwa atafundidwa kumutu.

M'chisakasamo tinkakayikira chilichonse. Madzi amchere amene ankatimwetsa, ena ankati ndi otha mphamvu kuti tisathawe. Mabotolo opachika aja, mayi wina wa ku Namanja ankalumbira kuti salowetsa madzi koma amapopa magazi, ndipo ankazula singano namwino akangotembenuka. Inu ndi mawu anu osasawo munamufunsa kuti magazi ake ati, poti tonse tauma ngati matemba. Anamwinowo, kunena chilungamo, ankagwira ntchito mpaka kudzandira, ndipo ena a iwo anadwala nawo. Kungoti ankasinthana pafupipafupi, wa lero mawa osamuonanso, moti panalibe amene anatidziwa bwinobwino. Mayina athu anatsala pachipata. M'katimo ankatiitana potengera malo: inu munali wa pakona, ine wa pamzati, ndipo mayi wina wamtali anali wa pakhomo.

Mayi ameneyo mukuwakumbuka, a Nangozo, Mkatolika wa kuno ku Balaka, amene mapazi awo ankatulukira kunja kwa bedi. Ankagulitsa matemba mu msika wa Balaka, ndipo matendawo anawatengera ku Chilwa kokapikula. Anali munthu wolongolola, woti ngakhale akusanza ankapeza mpata womaliza nkhani. Anatiuza za mwana wawo Felesita amene anali woyembekezera, ndi za amuna awo amene sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere.

Bedi lanu la pakona analiika moti mukakhala pa bowo lija nkhope inkaloza kumpoto, ku chibula kumene timayang'ana poswali. Inu amene munagwetsetsa chimbudzi chatsopano kwathu chifukwa omanga anachilozetsa molakwika, zimenezi zinakupwetekani kuposa matendawo. Munapempha namwino kuti alitembenuze, iye anati malo palibe, ndipo sankanama, tinali titathithikana. A Nangozo anamva. Bedi lawo la pakhomo linali lopingasa, ndipo iwo ankadandaula kuti aliyense wodutsa panja amawaona ali chivulire. Ndiye masana ena, anamwino atathamangira ku chisakasa cha amuna, munagwirizana zosinthana. Ndinakuonani awirinu mukukwawa pa dothi lonyowa ndi mankhwala. Mutakumana pakati, a Nangozo anati, "Muyende bwino, mnzanga, mukapereke moni kumeneko," ngati kuti mukupita ku Joni. Munaseka, ndipo sindinadzamvenso kuseka kwanu.

M'mawa mwake ine ndinakomoka. Pamene ndinatsitsimuka, dzuwa lili pamutu, botolo lili pamkono, mabedi onse awiri anali panja atatsukidwa. Mayi wosesa anandinong'oneza kuti nonse awiri munatisiya m'mawa womwewo. Anati kunabwera amuna omanga nsalu kumaso, ochokera kwina, amene anakukulungani m'mapulasitiki n'kukukwezani lole, wa pakona ku Mposa, wa pakhomo ku Balaka. Ndinamva, koma mutu sunagwire kanthu. Ndinangolira chamumtima, poti bambo wa nsapato zoyera anali pampando pake.

Atanditulutsa ndinapeza kumudzi zonse zitatha. Achimwene anandifotokozera mwachidule kuti a zaumoyo sanalole kuti musambitsidwe kapena kuti wina aone nkhope yanu. Sanda anangoiyala pamwamba pa pulasitiki, shehe anaswalira ataima patali, ndipo kumanda kunapita amuna ochepa. Ife akazi m'manda sitilowa, ndiye ndinakaima m'mphepete n'kuona mtumbira wofiira patali. Ndinaulirira ndi mtima wonse, amayi, osakayika chilichonse. Sadaka yanu inachedwa chifukwa misonkhano inali italetsedwa, moti tinachita kudikira mpaka mpunga utalowa m'nyumba.

Pa sadakapo ndi pamene mayi aang'ono anaphulitsa nkhani. Mng'ono wanu mukumudziwa, nkhani m'kamwa mwake simagona. Tikupeta mpunga kuseri kwa nyumba ndinaona kuti achimwene akadutsa, iwo ankalavula malovu kumbali. Nditafunsa anandiuza zonse. Tsiku la maliro anu uthenga unabwera woti manda akhale atakumbidwa lole isanafike, chifukwa siidikira munthu. Mtembo woti auyeze ndi bango, monga timachitira nthawi zonse, panalibe. Achimwene, podziwa kuti inu ndi mayi aang'ono munali msinkhu umodzi mpaka kumabwerekana madiresi, anadula bango n'kukaliimika kumbuyo kwa mayi aang'onowo, iwo ataima pakhonde akulira osadziwa kanthu. Anadzazimva pambuyo pake kwa amuna awo, amene anali m'gulu la okumba.

"Kundiyeza ine wamoyo ndi bango la manda, Asiyatu, kusiyana kwake ndi kundilodza n'kotani?" anatero mayi aang'ono. "Bola likanathandiza. Abambo ako aang'ono akuti mtembo utafika sunakwane. Anachita kuwonjezera dzenje kumapazi, kupitirira chikhato."

Iwo ankangodandaula za mwano umene anachitidwa, sanaone chimene anena. Ine lichero linandipulumuka. Amayi, inu munali wamfupi, musakwiye. Kuti mutsitse dengu pa tsindwi munkachita kukwera pa mtondo, ine n'kumakusekani. Nthawi yomweyo ndinaona mapazi a a Nangozo ali lende kunja kwa bedi, ndinakuonaninso awirinu mukudutsana pa dothi lija. Amene anagona pakona m'mawa umene uja sanali inu.

Achimwene ndinawatsatira kudimba kuti tikhale awiri. Poyamba anati munthu akafa amatalika. Nditangowayang'ana anati mwina ndi mapulasitiki aja anachulukira kumapazi. Kenaka anati mayi aang'ono anayamba kuwerama ndi ukalamba, ndiye bango linawanamiza. Zifukwa zitatu pa funso limodzi, kuchokera kwa munthu amene pa nkhani zina amangoti eya kapena iyayi. Ndinawauza za kusinthana mabedi kuja. Anasiya kuthirira, anayang'ana uku ndi uku ngakhale kudimbako kunali ife tokha ndi achule.

"Ndiye ukufuna nditani? Ndipite ku boma ndikanene kuti anasokoneza mitembo? Che Bwanali a m'mudzi muno aja anangofunsa pa msonkhano chifukwa chake mankhwala akuchedwa, kodi wawaonapo chichokereni? Ana angawa adzawalera ndani, iweyo?"

Sanati ndikunama, amayi. Ndinadikira kuti anene kuti iyayi, amene ndinanyamula pa jeneza popita kumanda anali amayi anga, koma anangotola chitini chawo n'kupitiriza kuthirira. Ndikukhulupirira kuti anadziwa ali kumanda komweko, ndipo okumba onse anadziwa, koma wa zaumoyo anali ataima pomwepo ndi anyamata a malaya ofiira. Pena ndimawakwiyira mpaka kulephera kudya, pena ndimawamvera chisoni. Kuyambira tsiku limenelo akandiona ndikulankhula ndi munthu, amayandikira.

Shehe ndinawafikira mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina. Anandiyankha modekha kuti Mulungu sasochera, amadziwa ake kulikonse kumene agona. Mawuwo anandikhazika mtima pansi pang'ono. Koma ndikudzuka anandifunsa kuti nkhani imeneyi ndauzako ndani ndi ndani. Njira yonse ndinkalitembenuza funso limenelo. Mwina ankafuna kunditeteza, mwina ankadziteteza okha, mwinanso pali amene amawafunsa iwo.

Nditabwerera ku Balaka ndinayamba kuyendera msika. Sindinafunse munthu, poti kufunsafunsa kumakopa maso. Ndinangoyenda m'mzere wa matemba mpaka ndinaona mtsikana wamtali, mwana kumbuyo, mapazi ake aakulu ngati a mayi aja. Anzake ankamuitana kuti Felesita. Ndinayamba kugula kwa iye yekha, lero matemba, mawa matemba, mpaka bambo a Amidu anandifunsa ngati boma laletsa nyemba. Tsiku lina, pa benchi pake palibe wogula wina, ndinamuuza motsitsa mawu kuti ndinagona chisakasa chimodzi ndi amayi ake. Anandiyang'ana mpango wanga, anayang'ana ku chipata kumene anyamata aja amaima kuona makadi a chipani, ndipo anayankha mokweza kuti mzere wonse umve.

"Amayi anga anamwalira ndi malungo, ndipo boma linatisamalira bwino kwambiri. Mukufuna mulu uti, mayi?"

Sindinamuimbe mlandu. Ine ndikanakhala iye ndikanaganizanso kuti wanditumizira kazitape wovala mpango. Ndinalekeza kaye masiku angapo. Nditapitanso, ndikulandira matemba anga, ndinamuuza chinthu chimodzi chimene a Nangozo ananena ali chigonere. Anati anagula chitenje chatsopano choberekera mdzukulu wawo, ndipo poti mwana sakonzeredwa zinthu asanabadwe, anachibisa mu mtsuko wa mbewu ya mtedza pa tsindwi. Felesita anangokulunga matembawo n'kuitana wogula wina.

Masabata otsatirawo ndinawonda. Ndinkaganiza kuti ndadzipereka ndekha, kuti mtsikanayo wapita kukanena kuti kuli mayi wina wa ku nyumba za njanji amene akufalitsa mabodza a ku msasa. Galimoto ikangochepetsa liwiro mu mzere wathu, ndinkathamangira pawindo kukasuzumira. Ndinafika pomanga kamtolo ka zovala za Amidu n'kukabisa kuseri kwa chitseko, kuti akandinyamula mwanayo asavutike. Ku msika ndinasiya kupita, ndipo bambo a Amidu anasangalala kuonanso nyemba.

Ndiye masana ena, m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndinamva odi. Anali Felesita. Nyumba yathu anaidziwa bwanji, sananene, ndipo zimenezo zinandiopsanso. Mwana anali atamubereka pa chitenje chatsopano chamaluwa achikasu, mizere ya mopinda ikuonekabe, ndipo chinkanunkha utsi wa pa tsindwi. Za chitenjecho sitinalankhulepo. Ndinamuyalira mphasa, ndinamupatsa madzi nditagwada monga munandiphunzitsira, ndipo anamwa. Anati kumayambiriro a Novembala Akatolika amakhala ndi tsiku lokumbukira akufa awo, ndipo mudzi wonse umapita kukalambula kumanda. Anati tsiku lina lililonse mlendo wopezeka m'manda a eni ake amatengedwa ngati mfiti, koma tsiku limenelo wobwera ndi khasu safunsidwa zambiri. Anandilongosolera njira n'kunyamuka, osatsanzika bwinobwino.

Ndinaganiza kuti ndi msampha. Msilamu, mkazi, m'manda a Akhristu, ngati wina akufuna kundipezera chifukwa, china choposa chimenecho n'chiti? Komanso kwathu komwe akanamva akananditenga ngati wopenga. Koma ndinaganiza za inu, kuti ngati mulidi kumeneko ndiye kuti chaka chikutha popanda wanu ndi mmodzi yemwe wokuyenderani. Ndinauza bambo a Amidu kuti ndikukathandiza mnzanga kumunda, ndinanyamula khasu n'kuwoloka njanji.

Ndinapeza anthu ali piringupiringu, makasu akulira, amayi akuimba nyimbo zawo. Maso onse anali pa mpango wanga. Felesita anangouza anthu kuti ndine mnzake wa ku msika ndadzawathandiza, ndipo ananditsogolera mpaka kumapeto, kumene kunali mitumbira ya dzinja lapitali. Yonse inali ndi mitanda yamatabwa, kupatula umodzi. Ndisanafunse, iye anati mtanda wa pamenepo unadyedwa ndi chiswe. Ndinayang'ana mitanda ina yoyandikana nayo, yakale kuposa pamenepo, ili chiimire. Chiswe cha m'mudzi umenewo n'chosankha ndithu.

"Inu limani apa," anatero, iye n'kupita kukalambula manda a agogo ake cha pambali.

Ndinalima, amayi. Udzu unali utamera mpaka m'mawondo, kusonyeza kuti chaka chonse panalibe amene anapagwira. Ndili pakati, kunabwera bambo wina wachikulire amene ndinadziwa kuti ndi amuna a a Nangozo. Anaima, anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumati basi zanga zada. Anavula chipewa, anachigwira pachifuwa, kenaka anachoka.

Akatekisiti ataitana anthu ku mapemphero kumtunda kwa manda, Felesita anatsalira. Anadzanjuta pafupi nane n'kumazula tiudzu ndi manja, nkhope ili pansi.

"Bokosi anakhoma poyeza ine, poti ndinatengera msinkhu wawo," anatero. "A zaumoyo anaika okha mtembo n'kukhomerera. Koma onyamula atafika pa chitunda icho anamva munthu akutsetsereka m'katimo. Palibe ananenapo kanthu mpaka lero."

Ndinatsamira mpini wa khasu, ndipo ndinakuwerengerani duwa, pemphero lathu lija, chamumtima, milomo osagwedera, kumtunda nyimbo ya eni ake ikumveka. Chinthu chimene ndinkafuna kudziwa miyezi yonseyi ndinali nditachimva, koma sindinapepukidwe ngakhale pang'ono. Ndinkafuna kukumba ndi manja, ndikutulutseni, ndikusambitseni ndekha ndi madzi ofunda monga ndinakulonjezani kalekale. Palibe chimene ndinachita, ndinangosalaza dothi.

Kenaka Felesita anandifunsa funso limene sindinalikonzekere, poti nthawi yonseyi ndinkangoganiza za mayi wanga ine.

"Nanga kwanuko, amayi anga munawagoneka bwanji?"

Ndinaopa kumuuza, koma ndinamuuza zoona. Ndinati kwathu bokosi kulibe, munthu amagona padothi, cha kumanja, nkhope italoza kumpoto. Ndinati shehe anawapempherera, achimwene anga anawanyamula paphewa, ndipo pa sadaka mudzi wonse unadya mpunga ndi mbuzi m'dzina lawo, ngakhale dzinalo tinkatchula lina. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kuti mayi wake wa kolona m'khosi tinamuika Chisilamu. Iye anasuntha mwana kumbuyo, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chija.

"Ankagona choncho, cha kumanja," anatero. "Chagada ankati amalota zoipa."

Ine sindinamufunse za inu, poti ndikudziwa. Mwagona chagada, m'bokosi lalitali losakuyenerani, nkhope kumwamba. Inu amene munakwawa pa dothi, mphamvu zitatha, kuti musalakwire chibula. Zimenezi zikundiwawa, amayi, ndipo sindikudziwa kuti zidzasiya liti. Kukutembenuzani sindingathe. Kupita ku boma sindingathe, achimwene sananame pamenepo, ndipo Amidu akadali wamng'ono. Ngakhale Felesita yemweyo, ndikabwerera kunyumba ndimayambanso kudzifunsa kuti ndamuuza zochuluka bwanji, ndipo ndikudziwa kuti iyenso amadzifunsa chimodzimodzi za ine.

Koma izi ndikulonjezani. Mvula ikangodula ndidzamutenga mtsikanayo kupita naye ku Mposa. Ndidzati ndi mnzanga wa ku msika wadzathandiza kumweta mpunga, ndipo tidzakaima awiri m'mphepete mwa manda, ndimulozere mtumbira wa amayi ake. Achimwene akafuna kuyandikira adzayandikire, adzamuone msinkhu wake. Ndipo inu, chaka ndi chaka, tsiku la eni ake likafika, mudzamva khasu pamwamba panu. Musadzadabwe kuti ndani, ndidzakhala ine.

Mukakumana nawo a Nangozo uko, muwauze kuti mdzukulu wawo ndi wamwamuna, ndipo chitenje chinapezeka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu